A Chotsabelu a pa Chipata cha Nkhalango

Tsiku limene Nachete anawaona koyamba, anayesa kuti ndi mbala. Iye anali ataima pa chipata cha nkhalango ya boma, nkhata ili m'manja, kudikira kuti mlonda atsegule. Pambali pa chipatacho, pansi pa mtengo wa paini, bambo wina wamfupi wa imvi zongoyamba kumene anali atawerama pa njinga ya mlendo, akumasula belu. Mwini njingayo anali atayang'ana kumbali, akumanga chisoti. Belu litachoka, bamboyo analiponya m'chitini chakale cha penti, ndipo m'menemo munalira mabelu ena amene anali momwemo kale. Kenaka anatulutsa kawaya kotungidwa zotsekera mabotolo n'kukamangirira kutsogolo kwa njinga.

Mlendo uja anatembenuka n'kuona kuti belu palibe. Nachete anadikira kuti amve mkuwo. Koma munthuyo anangoti zikomo, n'kukwera njinga ulendo wa kumtunda, zotsekera zija zikuti tseche tseche tseche mpaka anakazimiririka m'mitengo.

Dzina loti Nachete anamupatsa ndi anzake a kunkhuni, chifukwa ankatha tsiku lonse pakamwa pake patangotuluka moni ndi zikomo. Anayamba kutola nkhuni mwamuna wake atamwalira, ndipo nkhunizo ankakagulitsa kwa anthu ophika buledi kumunsi kwa msika. Boma linkalola amayi kutola zouma zokha, popanda nkhwangwa kapena chikwanje. Njira yokwera m'nkhalangomo inali imodzi, yopapatiza, mbali ina chitunda, mbali ina chigwa cha zitsamba zaminga.

Chaka chimenecho ndi pamene kunabwera njinga. Zinali njinga zachilendo, za matayala onenepa ngati mkono wa munthu wokhuta, zopanda kaliyala, zopanda potsamiritsa. Chodabwitsa koposa n'chakuti zinkabwera zitakwera galimoto. Eni ake ankazitsitsa padenga, n'kuvala zisoti, n'kuyamba kulimbana ndi chitunda, thukuta lili kamukamu. Dzuwa likakwera ankatsika ali chimanjamanja, opanda ngakhale kankhuni kamodzi. Nachete ankawayang'ana mobisa n'kumadzifunsa kuti kodi kumtundako amakatengako chiyani. Funso limeneli analisunga mumtima monga mmene ankasungira mafunso ake onse.

A ofesi ya nkhalango anali atanena kuti njinga akungoziyesa kufikira mvula itagwa. Kumayambiriro kwenikweni kunachitika ngozi, wanjinga wina anawombana ndi mtolo wa nkhuni, ndipo mawu anatuluka akuti zikachitikanso, njirayo idzatsala ya gulu limodzi. Gulu linalo lizikalowera chipata cha kutsidya kwa mtsinje. Panalibe mayi ndi mmodzi yemwe amene ankakayika kuti opita kutsidyawo adzakhala ndani. Nachete anali atapitako kamodzi kutsidyako. Ankadziwa kuti akamayendera kumeneko, azifika kumsika ophika buledi atagula kale kwa ena, ndipo mawondo ake sangathe nyengo imodzi.

Choncho bambo wochotsa mabelu uja anamusokoneza mutu. Ngati ngozi ndiyo ikuopedwa, munthu angachotse bwanji chinthu chokhacho chochenjezera anthu?

Anayamba kulawira dala kuti aziwaonerera. Anthu ankawatchula kuti a Chotsabelu, ndipo iwo ankayankha mosanyinyirika. Anali okonza njinga. Malo awo anali thumba loyalidwa pansi, pampu, beseni la madzi lofufuzira pobooka, masipanala okulungidwa m'chinsanza, ndi chitini chija. Pamene panalibe wobwera, ankakhala pa chitsa n'kumaphwatalalitsa zotsekera mabotolo ndi hamala, n'kuziboola ndi msomali. Chilichonse ankachigwetsa kaye pamwala n'kutchera khutu. Chadzimbiri ankachitaya, ankati sichiimba. Mlendo akatsika kumtunda, iwo ankapisa dzanja m'chitini osayang'anamo, n'kutulutsa belu lake lenileni, n'kulibwezera pamalo pake. Akamaseka, pakamwa pawo pankaoneka mpata wa dzino lakutsogolo.

Amene anaulula nkhani ya dzinolo anali apongozi awo, amayi a akazi awo, omwe anali akuluakulu pa amayi onse a kunkhuni, a thupi laling'ono koma lilime ngati lumo. Tsiku lina akupuma pa thanthwe la pakati pa njira, anamupeza Nachete akuyang'anitsitsa kawaya kamene kanagwa pa njinga ina.

"Iwe Nachete, maso akowo akufunsa ngakhale pakamwa uli duu," anatero. "Ukufuna kudziwa za mkamwini wanga? Amene anawombana ndi mtolo uja ndi yemweyo. Mtolowo unali wanga."

Amayi onse anatula nkhata n'kusendera pafupi, ngakhale ambiri anali ataimva kale.

"Akuti ankayesa mabuleki a njinga ya mlendo. Ine ndili pakati pa njira, mtolo wanga wa paini uli pamutu, ndikuganiza zanga. Ndingomva kumbuyo kwanga ngiri ngiri! Mtima unadumpha, ine n'kutembenuka. Ndinangomva kuti khu! Poti ndione, miyendo iwiri ili m'mwamba m'zitsamba, tayala likuzungulira lokha. Ndinati mayo, ndapha mlendo wa boma. Ndikasuzumira, ndi mkamwini, magazi ali chuchuchu pakamwa, koma akuyesa kugwada m'minga momwemo, ati, 'Mwadzuka bwanji amayi?'"

Amayi anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Nachete anaseka ataphimba pakamwa ndi nsalu, koma m'mutu mwake munayera. Chinthu chimenechi ankachidziwa ndi thupi lake, kungoti anali asanachiganizirepo. Mtolo wa m'nkhalango si wa tizitsotso, ndi wa mitengo yaitali yoposa anthu awiri atagona motsogozana. Ukausenza khosi limauma, sungacheuke. Kuti uone kumbuyo uyenera kutembenuka thupi lonse, ndipo mtolo umatembenuka nawe n'kupingasa njira yonse ngati mtanda wa pachipata. Belu limadzidzimutsa, ndipo wodzidzimuka amatembenuka asanaganize. Koma tseche tseche uja umamumva akadali kutali. Umadziwa kuti ndi njinga, umamva kuti yatsala pati, ndipo umangosendera chammbali pang'onopang'ono, mtolo uli chilozere kutsogolo. Iye mwini anali atachita zimenezi kambirimbiri osazindikira kuti pali munthu amene anazikonza.

Kuyambira pamenepo ankati akapeza chotsekera botolo pamsewu, ankachitola n'kuchimanga pa mfundo ya nsalu. Akafika pachipata ankangochisiya pa thumba lija n'kudutsa msangamsanga. A Chotsabelu sankamukakamiza kulankhula. Ankangoti, "Zikomo mayi, ichi ndiye chiimba."

Analankhulana koyamba tsiku limene patapata wake anaduka. Iwo anamuitana, n'kudula kalamba pa chubu chakale, n'kuyamba kumusokera. Manja akugwira ntchito, pakamwa panatseguka pokha. Anati anayamba njinga ali mnyamata, kunyamula mabokosi a buledi m'bandakucha kupita nawo m'magolosale. Kenaka ananyamula makala, ananyamula mbuzi zomangidwa miyendo, kamodzi mpaka ananyamula chitseko. Msana utayamba kudandaula, anakaphunzira kulunga masipoko kwa munthu wina wa m'tauni amene ankamenya ophunzira ake ndi chubu. Anakhala zaka zambiri pakhonde la sitolo ya zitsulo, mpaka njinga zamoto zinawalanda anthu. Atamva kuti kunkhalango kukubwera njinga, ananyamula thumba lawo n'kudzakhala pachipata.

"Poyamba ndinkaziopa kuzigwira," anatero. "Magiya ngati mano a ng'ona, mabuleki a mafuta. Koma njinga ndi njinga, mayi. Ikadwala imalira, iwe n'kumvetsera."

Nachete anatsala pang'ono kufunsa funso lake lija. Linafika pammero n'kubwerera. Anangoti zikomo, n'kuvala patapata wake.

Mitambo itayamba kusonkhana madzulo, kunabwera anthu a penti n'kuwonjezera mzere pa chikwangwani cha pachipata. Mzerewo unkati njinga iliyonse yolowa m'nkhalango ikhale ndi belu lolira bwino. Mlonda anawawerengera a Chotsabelu mokweza, akuloza ndi ndodo.

"Mwamva, akulu? Ine ndakhala ndikutsinzina diso limodzi. Tsopano zalembedwa. Mukufuna andichotse ntchito chifukwa cha chitini chanu?"

"Kodi palembedwa kuti belulo likhale pati, achimwene? M'chitinimu limaliranso bwino."

"Mukanene zimenezo kwa abwana. Akubwera okha kudzaona njira, ndipo akadzatsika adzakhala atagamula."

Abwanawo anali mayi, mkulu wa nkhalango yonse, wamtali, wa yunifolomu yobiriwira ndi nsapato zazikulu. Anafika m'mawa wina amayi asanalowe. Anasuzumira m'chitini, n'kuvundula mabelu ndi chala, n'kumvetsera a Chotsabelu akufotokoza chipewa chili m'manja. Sanawadule pakamwa. Atatha anati, "Bambo, nkhani yanu ndaimva. Koma ine amene ali pamwamba panga ndikawauza kuti tachotsa mabelu kuti tipewe ngozi, adzati ndapenga. Ndionetseni."

A Chotsabelu anayang'ana amayi onse, maso awo n'kukaima pa Nachete. "Mayi, ndithandizeni. Mungosenza n'kumayenda monga mwa masiku onse."

Nachete akanakonda kukwera phirilo kawiri kusiyana n'kuonereredwa ndi anthu. Koma anakumbukira chipata cha kutsidya kwa mtsinje, n'kuvomera ndi mutu.

Anakwera onse mpaka pa thanthwe lija, pamene panali mitolo ina yomangidwa dzulo lake. Anzake anamutwika. A Chotsabelu anabwereka njinga ya mtsikana wina wa chisoti chofiira amene ankabwera kawirikawiri, n'kubwezerapo belu, n'kukankhira kumtunda pang'ono. Nachete anayamba kutsika, maso a anthu akumuboola msana. Mtima wake wonse unali pa belu. Alira tsopano. Alira tsopano. Belu linaliradi, ngiri ngiri! Iye anangoti nji, ngati chitsa, mtolo osagwedera n'komwe. Njinga inadutsa pambali pake bwinobwino.

Mlonda anatsokomola. Mtsikana wa chisoti chofiira anayang'ana nsapato zake.

"Mwaona nokha," anatero mkulu wa nkhalango, mosanyoza. "Belu lagwira ntchito yake."

Nachete analakalaka nthaka itang'ambika. Anali atachita zonse molondola, ndipo kulondola kwakeko kunali kutatseka njira. Munthu amene wauzidwa kuti adzidzimuke sadzidzimuka. Ankazidziwa zimenezi, mawu ake anali okonzeka, koma pakamwa panakana.

Apongozi ndiwo anaswa bata. "Mwana wanga," anatero kwa mkulu wa nkhalango, ngati akulankhula ndi mdzukulu wowatumikira, "uyu amadikira belu ngati mkwati akudikira galimoto. Zikanatheka bwanji? Senza wekha uone. Kapena khosi la muofesi silinyamula?"

Mlonda anatong'ola maso. Koma mkulu uja anaseka. "Amayi, ine sukulu ndinaphunzira ndi ndalama za nkhuni. Bweretsani."

Anavula chipewa, n'kupinda mpango wake kukhala nkhata, ndipo momwe anaupindira, amayi anayang'anana. Anamutwika mtolo wa Nachete. Unagwedera kamodzi, kenaka unakhazikika ngati wafika kwawo. "Pitani mukalize belu lanulo," anatero. "Ine sinditembenuka."

A Chotsabelu anakankha njinga ulendo wa kumtunda, n'kukhota pa mitengo, osaonekanso.

Anthu anayamba kutsika pang'onopang'ono pambuyo pa mkuluyo. Belu silinalire. Anadutsa pa mtengo wogwa, anadutsa pa kamtsinje kouma, belu osalira. Mlonda anayamba kung'ung'udza kuti akulu aja athawa ndi njinga ya eni. Apongozi anayamba kumufunsa mkuluyo kuti kwawo n'kuti, amayi ake alipo kodi, nanga bwanji thupi lonseli ana awiri okha. Mkuluyo ankayankha akuseka, thukuta likutsika m'khosi, ndipo anayamba kufotokoza za mphunzitsi wina amene ankamuthamangitsa chifukwa chofika m'kalasi ndi makungwa m'tsitsi. Nachete yekha ndi amene anamva matayala akuphwanya masamba kumbuyo, ndipo anakokera apongozi kumbali ya chitunda.

Ngiri ngiri!

Mkulu wa nkhalango anatembenuka pakati pa mawu. Mtolo unazungulira n'kutseka njira yonse. Nachete anaona bwinobwino, ndipo mpaka pano amaumirira kuti anaona: zala za a Chotsabelu zinali pa mabuleki, mpata woima unalipo, koma sanafinye mokwanira. Nsonga ya mtolo inawapeza paphewa. Anauluka n'kukagwera m'chigwa, njinga n'kutsatira.

Mkuluyo anaponya mtolo pansi n'kutsetserekera m'mingamo, yunifolomu ikung'ambika. "Bambo! Bambo, mwavulala pati? Inetu ndinati sinditembenuka!"

"Onse amatero, abwana," anayankha mawu kuchokera m'zitsamba. "Njinga ya eni ili bwanji?"

"Mkamwini iwe," anakuwa apongozi kumtunda, "mano atsala angati?"

"Onse alipo, amayi. Phewali ndi limene latsanzika."

Anawanyamula pa machira a mitengo iwiri ndi majekete. Mkulu wa nkhalango anagwira kutsogolo yekha mpaka pachipata, n'kuwatengera kuchipatala pa galimoto ya ofesi. Asanakwere anaima pa chikwangwani kanthawi, akupukuta zokandika za m'manja. Kenaka anauza mlonda kuti njira ikhala ya onse, ndipo chitini asachikhudze. Mzere wa mabelu uja sunafufutidwe. Amati penti sinabwere. Mlonda amangopachikapo jekete lake m'mawa uliwonse.

Fupa la paphewa linachira mokhota. Dzanja lamanja silinathenso kufinya sipanala, ndipo mwana wawo wamkazi wa m'tauni anati basi, bambo ndi mayi abwere azikhala naye. Mvula inali itayamba pamene a Chotsabelu anabwera pachipata komaliza, mkono uli m'nsalu, atavala jekete la kutchalitchi. Anadikira mpaka Nachete atatsika n'kutula mtolo. Kenaka anakankha chitini ndi phazi mpaka chinafika pa mapazi ake. Pamwamba pa mawaya panali kachitsulo komasulira mabelu, chogwirira chake chitasalala ndi dzanja.

"Loweruka ndi Lamlungu ndi pamene amachuluka," anatero. "Kumasula n'kumanzere."

"Ine, bambo? Ndi alendo? Ine pakamwa panga mukupadziwa."

"Ndani wanena za pakamwa? Muloze belu, muloze chitini. Akale aja adzawauza atsopano. Chovuta n'kukumbukira belu la aliyense, ndipo inu maso muli nawo. Munkandiwerenga ngati nyuzipepala muli uko, mumayesa sindinkaona?"

Nachete anayang'ana pansi, makutu akutentha. Anatola kachitsulo kaja n'kukatembenuza m'manja. Galimoto yowatenga inali italira kale kumsewu. Anazindikira kuti akapanda kufunsa tsopano, funsolo adzafa nalo.

"Bambo," anatero, mawu ali pansipansi, "anthu amenewa kumtundaku amakatengako chiyani?"

A Chotsabelu anaseka mpaka kugwira phewa, mpata wa dzino uli poyera. Anayang'ana njira ikukwera m'mitengo yonyowa, kenaka anasendera pafupi ngati akuulula za munthu.

"Inenso ndinkadabwa, mayi. Tsiku lija ndinakwera mpaka pamwamba penipeni kuti abwana aiwale. Kulibe kanthu kumeneko, miyala ndi mphepo basi. Koma ine ndakalamba ndikupalasa njinga, ndipo ndinali ndisanatsikepo phiri lonse wopanda katundu kumbuyo. Mitengo imangoti psuu, psuu, misozi ikuthawira m'makutu. Ndinatsala pang'ono kuiwala kuliza belu. Musakawauze apongozi anga, angadziwe kuti ndinagwa ndikuseka."